Pulogalamu Imene Achimwene Anasiya Atajambula

Ndinadzuka kusanache, tambala atangolira kachiwiri. Tulo tinali titandiba ndili chotsamira khoma m'nyumba ya siwa. Amayi a kumpingo amene anachezera kuyimba anali atasasa mawu, moti awiri okha ndiwo ankang'ung'udzabe nyimbo chapansipansi. Bokosi la achimwene linali pakati pa balaza, ndipo alamu anga, mkazi wawo, anakhala kumutu kwake atadzifunditsa chitenje. Panja amuna anali atauzungulira moto. Unali mwezi wa Juni, ndipo mmene kumazizirira kumapiri a Ntchisi kuno aliyense akudziwa.

Achimwene anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Mponela. Koma anthu ambiri sankawadziwira kusoka ayi. Loweruka lililonse, folo koloko madzulo, ankayendetsa pulogalamu pa wailesi ina yaing'ono ya m'dera lathu. Ankaika nyimbo za ku Amereka, za country ndi za soul, komanso zija za gitala ndi banjo zoyimba anthu a kumidzi ya kumeneko. Zakale ankazikonda, koma mtima wawo unali pa zatsopano. Ankazisaka pa foni, n'kumazimvera mobwerezabwereza uku akupalasa makina, ndipo Loweruka likafika ankauza anthu kuti iyi imvereni, iyi musataye nayo nthawi. Sankayamikira chisawawa. Lachinayi masana anagwa ali pamakina pomwepo. Pofika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya kale.

Kutayamba kuyera, adzukulu ananyamula makasu ndi mapiki kulowera kumanda. Nkhungu inali itaphimba phiri lonse, moti atangodutsa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba sitinawaonenso. Ine ndinapita kumafuwa. Amayi ena anali atayamba kale kutunga madzi kumjigo, ena akusankha nyemba, ena akudula kabichi pa malichero. Nkhuni zinali zonyowa ndi mame. Utsi sunkakwera, unkangoyenda pansi n'kumatiliza misozi ina pamwamba pa imene tinali nayo kale.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke. Abale a ku Madisi anabwera pa lole, ena pa ngolo, ena pa kabaza. Amenewo ndinkawadziwa. Kenako kunayamba kufika anthu ena, ambiri a iwo oti palibe wa m'banja mwathu anawazindikira. Maminibasi awiri anaima pafupi ndi masamba amene tinaika pamsewu, ndipo munatsika madalaivala ndi makondakitala okhaokha, atasiya ntchito tsiku la msika. Kunabwera bambo wachisilamu, mwini khonde limene achimwene ankasokerapo, ndi anzake atatu ovala mikanjo. Kunabwera namwino, yunifolomu ikuonekera pansi pa chitenje. Mkulu wina wa imvi anafika akukankha njinga, matope mpaka m'maondo. Anati wachokera cha ku Kasakula. Atamufunsa kuti ndi m'bale wa ndani, anayankha kuti si m'bale wa aliyense, wangobwera kudzaona nkhope, poti mawu okha ndiwo amawadziwa.

Cha m'ma naini, mayi wina wa ku wailesi kuja anandiitanira pambali. Anandiuza kuti achimwene anali atajambuliratu pulogalamu ya Loweruka limenelo. Anaijambula Lachiwiri, chifukwa ankati Loweruka adzakhala ali ku ukwati wa mwana wa mnzawo. Mayiyo ankafuna kudziwa ngati aiulutse pa nthawi yake, kapena aisunge. Anati iwo kuwailesi sangachite kanthu popanda mawu a eni maliro, ndipo yankho likufunika isanakwane fili koloko.

Nkhaniyo ndinaitula kwa atsibweni athu, mlongo wawo wa malemu mayi athu, amene ankayendetsa zonse tsiku limenelo. Anakana osaganiza kawiri.

"Munthu tikumuika lero, ndiye madzulo azikalankhulanso m'nyumba za anthu? Atinena chiyani anthu? Zimenezo ayi."

Akuluakulu amene anakhala nawo anagwedeza mitu kuvomereza. Kunena zoona, nanenso ndinaona ngati atsibweni akunena zanzeru. Ndinali ndi mantha kumva mawu a munthu amene ndinali nditamuona atamumanga chibwano. Koma zinandiwawa kuti alamu palibe anawafunsa. Kwathu kuno namfedwa sitimuvutitsa ndi nkhani tsiku loika maliro. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pambali pawo, n'kuwanong'oneza zonse, ndi zimene atsibweni ananena zomwe. Alamu anangoyang'anabe bokosi. Sanatembenuke n'komwe.

Mwambo unayamba cha m'ma leveni, kukuwaza mvula ya mawawa. Anthu anandanda kuona nkhope, ndipo mkulu wa njinga uja anaima pabokosi nthawi yaitali kuposa aliyense. Wowerenga mbiri ya malemu anatchula sukulu imene anaphunzira, chaka chimene anakwatira, ana awo anayi ndi ntchito yosoka. Za pa wailesi anangozikhudza ndi mawu awiri. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha nyengo.

Ulendo wa kumanda kwathu ndi wotsetsereka, ndipo tsikulo njira inali yoterera. Onyamula bokosi ankalandirana pafupipafupi. Madalaivala aja analowa nawo pamzere, nsapato zawo za m'tauni zikumira m'dothi lofiira. Amayi a kumpingo anatsogola ndi nyimbo, ife achibale tili pambuyo pa bokosi, alamu atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Titawoloka kadambo, nkhungu inayamba kunyamuka, minda ya chimanga chokololedwa kale n'kuonekera mbali zonse. Adzukulu anatsitsa bokosi, abusa anapemphera, ndipo dothi linayamba kugwa. Tinaika nkhata mmodzimmodzi monga ankatiitanira.

Alamu ataika nkhata yawo, sanabwerere pamene anakhala. Anapita pamene panaima atsibweni, nagwada m'matope momwemo. Analankhula motsitsa mawu, koma ife tinali pafupi tinamva.

"Bambo, pamakina paja asiya zovala zimene anamaliza kusoka. Zimenezo tikapereka kwa eni ake. Pulogalamu ijanso ndi ntchito imene anaimaliza. Ndapota nanu, ipite kwa eni ake."

Atsibweni anayang'ana pansi, anayang'ana anthu osawadziwa amene anadzaza manda onse, nayang'ananso alamu. Kenako anati, "Dzukani, mayi. Mwini wake wanena." Mayi wa ku wailesi uja anakwera pachulu kusaka netiweki kuti aimbire anzake foni.

Titabwerera kunyumba, anthu anasamba m'manja n'kudya. Nthawi zonse anthu akadya amabalalika, koma tsikulo ambiri anakhalabe. Folo koloko itakwana, dalaivala wina anatsekula zitseko zonse za minibasi yake, nakweza wailesi. Munamveka gitala, kenako mawu a achimwene akupereka moni. Ine ndinakhala pansi pomwepo. Amayi ena analira mokweza, koma posakhalitsa onse anatonthola, chifukwa munthuyo ankalankhula bwinobwino monga mwa masiku onse, mpaka kutsokomola n'kupepesa.

Anaika nyimbo zatsopano zitatu. Yoyamba inali ya mkulu wina woyimba yekha ndi gitala, za munda umene anagulitsa. Imeneyo anaiyamikira, nati mlimi aliyense aimvere ngakhale Chingerezi sakuchimva, chifukwa mawu a munthu wotaya munda ndi amodzi kulikonse. Yachiwiri sanainyengerere. Anati woyimbayo mawu ali nawo, koma ng'oma zake zili ngati kusoka diresi la ukwati ndi singano ya matumba. Anthu anaseka, pamaliro pomwepo. Atsibweni anali ataima patali cha kunkhokwe ngati sakumva nawo, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Yachitatu inali ya soul, ya mayi wa mawu akuya, yoyenda pang'onopang'ono ndi limba longa la m'tchalitchi. Asanaiike, achimwene anati, "Iyi ndaimvera masiku asanu koma sindinagamule. Ine ndikuti yatalika. Kunyumba kuli munthu akuti ndi yabwino chomwecho. Imvereni nokha, tidzakambirana Loweruka likudzali."

Nyimboyo inayenda mpaka kumapeto, popanda wolankhula. Itatha, dalaivala anatseka wailesi tisanamve achimwene akutsanzika. Anthu anayamba kunyamuka.

Pofika madzulo pakhomo panali patayera. Mabenchi anali atabwezedwa kutchalitchi, miphika kwa eni ake, pamafuwa patatsala phulusa lokha. Ana a malemu anali kuseri ndi azakhali awo ena. M'balaza tinatsalamo awiri, ine ndi alamu, pamphasa, mipando idakali panja. Pamene panali bokosi panaoneka pakulu.

Ndinawafunsa ngati munthu wa kunyumba uja anali iwo. Anavomera ndi mutu. Anati chiyambire pulogalamu imeneyo, palibe nyimbo inapita kuwailesi iwo asanaimve. Achimwene ankawaikira foni pawindo la kukhitchini m'mawa uliwonse asananyamuke, n'kuima pakhomo kudikira kuti anena chiyani. Zaka zonsezi ine sindinkadziwa.

"Ndiye inatalikadi?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero alamu. "Achimwene anuwo ndiwo anali aphuma."

Anakonza chitenje paphewa, nandipempha kuti ndilowetse mipando mame asanagwe.