Wotchi ya malemu mumtsuko wa apongozi

A Laston ankakonza mawotchi pamsika wa Thambani, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Koma matama ndiye anali nawo, abale! Galasi likachoka pawotchi ankasakaniza guluu wa m'timachubu tiwiri, n'kumata, n'kunena kuti, "Kasambeni nayo, ikalowa madzi mudzanditukwane." Ine ndinkagulitsa matemba pambali pawo, moti mawuwa ndinachita kutopa nawo.

Kumudzi kwa akazi awo a Deliwe, kumene ankakhala pachikamwini, sankawerengeredwa n'komwe. Apongozi awo aakazi, a Nachisale, ankati mwamuna wogwira tizitsulo m'malo mwa khasu ndi wongotha ufa. Malo omangapo nyumba anawamana, ndipo nkhani yowathamangitsa inali itafika kale kwa ankhoswe.

Ndiye tsiku lina galasi linachoka pawotchi imene malemu amuna awo a Nachisale anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mayiwo sankaivula ngakhale pochapa. A Laston anamata bwinobwino, koma mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, choncho mawu oti isanyowe mpaka mawa anawapatsira a Deliwe. A Deliwe n'kuiwala! Madzulo ake galasi linali pansi pa beseni lochapira, wotchi itaima.

Mudzi wonse unaseka. Ine zinandiwawa, chifukwa ntchito ankaidziwa munthuyu.

Iwo osatekeseka. Anaimasula yonse n'kuiumitsa, anakwecha mkombero wachitsulo ndi sandipepala kuti guluu apeze pogwira, galasi n'kulipukuta ndi kachasu kuti mafuta a m'manja achoke. Atamata anakana kuibweza, apongozi akulalata pabwalo kuti mkamwini waba wotchi ya malemu. Guluu atauma gwa, anaiponya mumtsuko wamadzi wa apongoziwo anthu akuona, n'kunyamuka wa kumsika akuimba mluzu.

Pobwerera anapeza a Nachisale akupisa mkono mumtsukomo. Mayiwo anaivuula, anaiyang'anitsitsa, kenako anaiika kukhutu nthawi yaitali. A Laston anaima kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu.

A Nachisale sanacheukire kunkhokweko. Anangoitana mwana wawo.

"Deliwe, uwauze amuna akowo ayambe kudula mitengo. Amange apa pafupi ndi manachesi, osati kutali ayi. Wotchiyi ikadzaimanso ndisamachite kufuula."