Botolo la chidede

Bondo langa lakumanzere silipinda bwino mpaka lero, ndipo kukazizira limandikumbutsa nkhope za anthu amene sindifuna kuwakumbuka. Ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kwa Mkhumba, koma chimene ndinkachidziwa kuposa choko chinali kuthamanga. Ndinayamba ndili ku sekondale, osasiyanso. Anthu ankandiseka, amvekere munthu wandevu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Ine ndinalibe nazo ntchito, kuseka sikuthyola fupa.

Kwathuko wodwala ankapita kuchipatala pamachira, amuna anayi atasenza pamapewa, ndipo mvula ikagwa ulendo wake unali wosayamba. Mayi wina wa mumpingo mwathu atachirira panjira mwana n'kumwalira, ndinati miyendo yangayi igwireko ntchito. Ku Blantyre kunkakonzedwa mpikisano wa mtunda wautali, uja amati marathoni. Anzanga a kusukulu amene ankagwira ntchito m'tauni anagwirizana kuti ndikakaumaliza adzasonkha, tigule njinga ya ambulansi, ija yokoka kangolo ka matiresi kumbuyo. Iwo anangoti chachikulu ndimalize. Kumudzi nako ndinayenda khomo ndi khomo. Wina analonjeza chitini cha nandolo, wina nkhuku, wina makaka a chinangwa. Amene analonjeza mokweza kuposa onse anali bambo wina woimba besi m'kwaya yathu, tinkangowatchula kuti abesi. Anaimirira m'tchalitchi, dzanja pachifuwa, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu thamangani basi, thumba la mpunga lili kwa ine."

Ndiye kunabwera njala ija, ndipo pamwamba pa njala panagwa mphekesera ya anamapopa. Ankati kuli anthu oyenda ndi mapaipi, opopa magazi a anthu n'kukagulitsa kwa olemera. Palibe amene anawaonapo ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni amene anapopedwa. Apa mpamene nkhani yanga inatembenuka. Pamjigo, pachigayo, funso linali limodzi: kodi anthu a ku Blantyre angam'patse munthu ndalama chifukwa chongothamanga? Nanga akugula chiyani kwenikweni? Mkazi wanga anazimva, anandiuza kuti ndiyambe ndasiya. Ndinakana. Ndisiyirenji, poti ana awo ndimawaphunzitsa ine, maliro awo ndimakumba nawo manda?

Pothamanga ndinkamangirira botolo m'chiuno. Munkakhala madzi owiritsa ndi chidede, shuga pang'ono ndi kamchere. Aliyense wobadwira ku Phalombe amachidziwa chidede, chimamera kuseri kwa bafa lililonse, ndipo amadziwa kuti madzi ake ndi ofiira.

Linali Loweruka, dzuwa litatuluka kale, phiri la Michesi likuoneka bwinobwino. Ndikunena zimenezi kuti wina asadzanamizire mdima. Nditafika pakamlatho kolowera mudzi woyandikana nafe ndinamva wenzulo, kenako anthu anatuluka m'chimanga mbali zonse, zibonga ndi mipini m'manja. Ndinaima. Nkhope zake ndinkazidziwa pafupifupi zonse, ndipo kutsogolo kunali abesi.

"Muli chiyani m'botolomo, aphunzitsi?" anafunsa iwo.

"Chidede."

"Chidede chofiira choncho?"

"Nanga chakwanu chimakhala chobiriwira?"

Palibe anaseka. Ndinamasula botolo lija kuti anunkhize, onse anabwerera m'mbuyo ngati ndawaonetsa njoka. Ndiye ndinaganiza kuti ndiwatsimikizire. Ndinatsekula, ndinamwa pamaso pawo, madzi ena n'kutsikira pachibwano mpaka pamalaya.

Mayi wina anakuwa, "Mayo, akumwa!"

Basi, mlandu unathera pomwepo. Chibonga choyamba chinagwa pamsana, ndinagwada, ndipo mpini wa khasu umene unaphwanya bondo langa unali m'manja mwa abesi. Ndinawaona, tinayang'anana. Anamenya kawiri pamalo amodzimodzi, ngati munthu amene akudziwa bwino chimene akufuna kuononga. Chinandipulumutsa n'chakuti mayi wina, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, anatola botolo lija, ananyambita chala n'kunena kuti, "Anthu inu, n'chidededi ichi, chowawasa." Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kumbali. Pepani sanatuluke pakamwa pa munthu.

Tsiku la mpikisano linandipeza ndili m'chikhakha. Anzanga a m'tauni anabwera kudzandizonda, anandithandiza zakuchipatala, koma za njinga anati tiyambe taona, dera lanu laopsa. Sindiwaimba mlandu. Amene amandipsetsa mtima ndi akuluakulu a mpingo, amene anatiitana ine ndi abesi n'kunena kuti zonse zinachitika ndi mantha, tigwirane chanza zithe. Mantha ati? Munthu wamantha amathawa, sasankha bondo. Ndinakana kupereka dzanja, ndipo amene anatchuka kuti ndi wouma mtima ndinali ine. Abesi anapitiriza kuimba Lamulungu lililonse, mawu ali gwa, nyimbo za chikondi cha pa abale. Ine ndinkakhala kumbuyo, mwendo nditautambasula m'kanjira, ndikutukwana chamumtima m'nyumba ya Mulungu.

Dzinja lotsatira, masana ena mvula itangokata, ndinamva odi pakhomo. Anali abesi, thukuta lili kamukamu. Mwana wawo wamkazi, amene ndinam'phunzitsa Sitandade 6, matenda a uchembere anali atam'vuta kuyambira dzulo lake, azamba atalephera. Amuna ambiri anali atapita ku maganyu ku Mozambique, ndipo osenza machira anapezeka atatu okha.

"Aphunzitsi, tikusowa munthu wachinayi," anatero.

Ndinangokweza buluku mpaka pabondo kuti alione. Analiyang'ana, anapukusa mutu, n'kunena mawu amene sindidzawaiwala mpaka m'manda:

"Mukanathamanga muja, bwenzi pano tili ndi njinga."

Ndodo yanga yoyendera inali m'manja, ndipo Mulungu ndi mboni, ndinafuna kuwaphwanya nayo pakamwa. Mkazi wanga ndi amene anatuluka m'nyumba, anamanga chitenje cholimba m'chiuno, anawadutsa abesi osawapatsa moni, n'kukasenza ngodya yachinayi ija pamodzi ndi amuna. Ndinayesa kuwatsatira. Mtsikanayo ankabuula pamachira, akuitana mayi ake, matope akufika m'akakolo mwa osenza. Ine amene ndikanatha kuthamanga kukafika kuchipatala n'kuuza anamwino akonzeke iwo asanafike n'komwe theka la njira, ndinalephera kuwoloka ngalande ya kumunda kwanga. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo mpaka kubuula kuja kunasiya kumveka.