Telala Wokana Salaula

Pa matelala onse a ku Matero, wamakani anali Majidi. Makina ake osokera anali a malemu bambo ake, amene anabwera nawo kuchokera ku Mangochi, ndipo ankawaika pakhonde la golosale ina moyang'ana msewu wafumbi. Zaka zimenezo salaula inali itasefukira m'tauni. Mabelo a zovala zakunja ankatsegulidwa paliponse, anthu n'kusiya kusoketsa. Matelala anzake anagonja, nayamba kudyera kufupikitsa mathalauza a salaula. Majidi ayi. Ukamubweretsera jekete kuti achepetse, ankainyamula ndi zala ziwiri n'kukubwezera. "Ine sindisoka zotaya anthu," ankatero. Njala inkamuwamba ndithu, koma makaniwo osachepa.

Ndiye taonani zake: anakakwatira Ketty, mwana wa amayi Elesi, ogulitsa salaula pamsika! Ketty atakhala ndi pakati, Majidi analumbira pamaso pa apongozi akewo kuti chovala choyamba cha mwana wake chidzachokera pa makina ake. Amayi Elesi anangoseka. "Tizaona, atate."

Koma mimba yoyamba imachuluka alangizi. Kusikelo anamwino anauza Ketty kuti akonzeretu zitenje ndi tizovala ta mwana. Azakhali ake a Majidi, a Abiba a ku Chaisa, amene anamulera, atamva zimenezo anagwira pakamwa.

"Iwe, wapenga? Munthu sunamuone n'komwe, ukufuna kumusokera? Msoko uliwonse ukutseka njira. Tsiku likadzakwana adzatulukira pati?"

"Nanga anamwino akuti tipite ndi zovala."

"Anamwinowo ndi amene anakulera?"

Majidi mutu unaima. Anakafunsa shehe kumzikiti. Shehe anati m'buku mulibe zimenezo, komabe azakhali sanyozedwa. Yankho lanji limenelo? Anafunsa mkazi wake. Ketty, miyendo ili yotupa, anangoti, "Ba Majidi, ine nalema. Chitani vamene mufuna."

Majidi anagula nsalu yoyera yofewa, n'kumasoka mobisa. Lero asoke, mawa mantha amugwire, abise mudilowa. Ukatha mlungu mtima umutume, atulutsenso. Mapeto ake anamaliza timalaya ndi kachipewa, tokongola zedi, koma sanaonetse munthu, ngakhale Ketty.

Matenda a Ketty anayamba m'mawa. Anamuperekeza kuchipatala, amayi Elesi n'kulowa naye, Majidi n'kutsala panja pansi pa mtengo, kapulasitiki ka timalaya kali m'khwapa. Dzuwa linafika pamutu, zii. Linapendeka, ziibe. Amayi Elesi anatuluka kamodzi, nkhope ili gwa, osamuyang'ana, n'kubwereranso.

Kenako anatulukira azakhali Abiba, fumbi lili mbuu kumapazi. Maso awo anagwera pa pulasitiki ija.

"Muli chiyani umo?"

Majidi anaweramitsa mutu.

"Wasoka," anatero azakhali. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kuyamba kupemphera chamumtima. Bola akanamutukwana!

M'katimo munamveka kukuwa. Kaya anali Ketty, kaya mayi wina, ndani akudziwa? Majidi anayang'ana pulasitiki ija. Kodi amakhulupirira za azakhaliwo? Iye mwini sankadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti malaya si mkazi. Anatulutsa lezala m'thumba la shati n'kuyamba kumasula misoko, pena kudula ndi nsalu yomwe. Mikono padera, kolala padera, kachipewa kaja mbwee. Odikira anzake anasuntha pang'ono, poyesa kuti bamboyo wazungulira mutu.

Ulusi udakali pamaondo, namwino anaima pakhomo. "Amuna ba Ketty ni bandani? Mwana mukazi! Bonse bali bwino. Vovala vili kuti?"

Majidi anaimirira n'kupereka zidutswa zija ndi manja awiri. Namwino anazitembenuza uku ndi uku. "Nanga ivi ni vichani, atate?"

Amayi Elesi, amene anatuluka pambuyo pa namwinoyo, sanaseke. Anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa kamalaya kachikasu ka salaula, kochapachapa, kositasita. Anali atakasunga kuyambira tsiku la kulumbira lija.

"Waona?" ananong'ona azakhali. "Wamasula, wabadwa."

"Mimba yoyamba imachedwa chabe," anatero namwino akulowa.

Mpaka lero, mwana uja Warda ali wamkulu, mukamufunsa Majidi kuti ankanena zoona ndani, amangopukusa mutu n'kupitiriza kupalasa makina.

Koma tsikulo, atamulola kulowa, anapeza Ketty atagona, akumwetulira mofooka. Anamunyamula mwanayo, namunong'oneza kukhutu azana, mawu aja oitanira Asilamu kumapemphero, monga anachitira bambo ake pa iye. Atamaliza m'pamene anayang'anitsitsa kamalaya kaja. Kanali kakakulu, ka mwana wa eni wa kutsidya kwa nyanja. Mikono yake inkalendewera, timanja ta Warda osaoneka. Zinamupweteka mumtima, kunena zoona. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anasolola singano imene ankabaya pa kolala yake.

"Azakhali, tsopano ndingasoke?"

"Soka, mwanawe."

Anapinda mkono wa kamalayako kuti afupikitse, ntchito ija anaikana zaka zonsezi. Tizala ta mwana titatulukira, maso ake anadzaza misozi, diso la singano osalionanso. Anayesa, ulusi ukuphonya. Amayi Elesi anatambasula dzanja mwakachetechete, namulowetsera ulusiwo.