Mwendo wa Dekhani

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Msakambewa zinthu sizili bwino ndi Dekhani, mwana wa galu uja anatisiyira malemu bambo.

Mukukumbuka kuti anayamba kutsimphina ngolo itamuponda pa chigafa cha fodya. Amalume anati fupa lathyoka, ndiye anamuika nsungwi ziwiri n'kukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, zolimba ngati mmene amamangira matumba a mtedza pa kaliyala. Anatiletsa kumasula kuti fupa ligwirane. Akamalira, timangoti ndi ululu wa fupalo.

Lero m'mawa amayi anamva fungo loipa pa mwendo wa Dekhani. Ndinamuika m'katoni n'kukwera naye kabaza mpaka ku Boma kwa adokotala a ziweto. Atadula mphira uja, Dekhani sanalire n'komwe. Phazi linali lozizira, litada bii. Analibaya ndi singano, iye amangondinyambita dzanja. Adokotala anati, "Mayi, fupali likanapola. Chapha mwendowu ndi mphira."

Akuti tisankhe, adule mwendo wonsewo kapena amubaye jekeseni agone osadzukanso. Ndawapempha kuti tiwayankhe mawa.

Amalume angoti galu wa miyendo itatu sangathamangitse anyani kumunda, n'kunyamula khasu lawo kumapita. Amayi amuyalira Dekhani jekete ya bambo ija pakhonde, akhala naye pomwepo, ndipo tiyi wawo wazizira osamwa.

Achimwene ndi inu achemwali, mukuti bwanji? Ine pandekha sindingathe kuwauza amayi kuti tikumbenso dzenje.