Tsiku limene ndinakwera giledala

Ku Rumphi ndinapitako ngati mphunzitsi wa Chichewa wochokera ku Ntchisi, ndipo anandiwonjezera udindo woyang'anira hositelo ya atsikana chifukwa ndili ndi mawu aakulu. Palibe anandichenjeza kuti udindowo udzandikweza pa giledala yosalazira misewu nditavala nsapato za gogoda.

Chaka chimenecho zimbudzi za hositelo zinadzaza mayeso a Fomu 4 ali pakhomo. A zaumoyo anabwera, anasuzumira, anabwerera chafutambuyo atagwira mphuno. Anati likafika Lolemba zisanapopedwe atseka hositelo, atsikana azipita kwawo. Sanalakwe. Koma ine mtima unali pa mtsikana mmodzi wochokera kumapiri a kufupi ndi Nyika, wakuthwa mutu, amene bambo ake anali atayamba kale kukambirana za ng'ombe za malowolo. Ndinkadziwa kuti akangopita kwawo sabweranso. Iyenso ankadziwa. Anali atalongedza sutikesi yake n'kuikhazika pabedi.

Khonsolo yathu inali ndi giledala koma inalibe galimoto yopopa zimbudzi. Khonsolo yoyandikana nayo inali ndi galimotoyo, giledala inalibe. Ndiye anagwirizana zomabwerekana, ndipo mgwirizanowo unali ndi mwambo wake: ankasinthana pamlatho wa m'malire, maso ndi maso, ngati tambala ndi thadzi pa chinkhoswe cha kwathu. Giledala ikapanda kufika, galimoto sidutsa. Anatipatsa Loweruka, n'kutiuza kuti dzuwa likapendeka galimotoyo ibwerera.

Vuto linali adalaivala a giledala, bambo achikulire, mkulu wa mpingo, amene mawu oti ayi sanawaphunzire. Boma lonse linkadziwa kuti munthu akangowakwezera dzanja panjira n'kuwaonetsa kamsewu kokumbika, iwo amatsitsa mpeni wa giledala n'kuyamba kusalaza. Ulendo wa m'mawa unkatha mawa lake.

“Madamu, mukwere nawo,” anatero ahedi athu. “Ntchito yanu ndi imodzi basi, mpeniwo usatsike.”

Ndinakwera. Giledala sithamanga, abale. Njinga zinkatipitirira, mayi wina wosenza nthochi anatipitirira, ine ndili pamwamba ndikugwedezeka, wigi ili pambali, ndikubayibitsa anthu ngati phungu wongopambana kumene. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mantha ndinali nawo, koma kukwera chinthu chachikulu chotero kumaledzeretsa.

Tisanapite patali amayi ena anaima pakati pa msewu.

“Monire adada, muli uli? Kunyumba? Ana?”

Moni wa kumpoto sadula. Atamaliza kufunsana za aliyense mpaka mbuzi, anatchula kamsewu ka ku chigayo. Ndinaona dzanja la adalaivala likukwawira ku chitsulo chotsitsira mpeni, ndinaligwira.

“Tili pa ntchito ya boma yachangu,” ndinatero ndi nkhope yolimba.

“Madamu, n'kakafupi chomene,” anatero adalaivala, mpeni uli pansi kale.

Chigayo chinapeza msewu. Kenako bwalo la mpira linapezanso msewu. Ine ndinkangoti ntchito ya boma, ntchito ya boma, chifukwa dzina lenileni la ntchitoyo linkandikanika kutuluka pakamwa pamaso pa anthu. Kwathu anandilera bwino.

Kenako tinakumana ndi akuluakulu a mpingo, ovala majekete, akukonzekera msonkhano waukulu. Ankafuna msewu wa ku tchalitchi. Adalaivala anazimitsa injini, anatsika, anavula chipewa. Ndinayang'ana dzuwa, ndinakumbukira sutikesi ija pabedi, manyazi anandithera pomwepo. Ndinaimirira pa giledala ndi mawu anga aakulu aja.

“Adada, pepani chomene. Zimbudzi za ana anu aakazi zadzaza mpaka pakamwa. Manyi akusefukira. Giledala iyi ikachedwa, galimoto yopopa ibwerera, hositelo itsekedwa, ndipo ena mwa anawo mayeso salemba, mukawapeza kumabanja.”

Onse anandiyang'anitsitsa. Ndinaganiza kuti andichotsa mumpingo womwe sindinalowemo n'komwe. Kenako mayi wina wa chigwirizano anaphulika ndi phwete, ena onse n'kutsatira. Mkulu wa imvi, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali mphunzitsi wopuma, anapukuta magalasi ake.

“Asambizgi,” anatero, ndiko kuti aphunzitsi m'chinenero chawo, “bwanji simunanene kale? Lutani, pitani.”

Sanathere pomwepo. Anaimitsa kabaza wa njinga yamoto, anakwera ndi jekete lake, n'kutsogola. Paliponse pomwe panali anthu ankaima n'kulengeza nkhani yonse, osachotsa liwu ndi limodzi lomwe. Tikamafika ife anthu anali atapatuka kale, akugwira mphuno mwanthabwala, akutikuwiza kuti tifulumire. Adalaivala anapinda dzanja lawo lovuta lija n'kulikhalira. Mpaka lero m'dera limenelo ndine madamu a zimbudzi, ndipo ndimayankha.

Pamlatho tinapeza galimoto ija itatembenuka kale, mkulu wa imvi uja ataima kutsogolo kwake akupereka moni wautali kwa dalaivala wake, kumufunsa za ana mmodzimmodzi. Ndinatsika pa giledala, ndinakwera galimoto yonunkha ija ngati ndikukwera ya ukwati.

Titalowa pasukulu atsikana anaimba nthungululu, ena anayala zitenje pansi kuti matayala apondepo. Paipi italowa m'dzenje fungo linakuta sukulu yonse, ahedi anathawira ku ofesi, ife tikuvina mphuno zili m'manja. Sindinasangalalepo ndi fungo loipa chotero.

Kenako wina anandikoka bulauzi. Anali mtsikana uja, yunifolomu ili m'manja, maso ali ofiira.

“Madamu, ayironi ili ndi ndani? Yakwinyika m'sutikesi, ndipo Lolemba tili ndi masamu.”

Ndinamupatsa yanga.