Simenti ya pachibwano

Titabwerera ku Tete kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinatsala awiri m'kanyumba ka ku Mpadue: ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Zeka, amene amanditcha mana, ndiko kuti achemwali. Iye ali ndi matenda a shuga, ndipo amadzibaya insulina tsiku lililonse. Adotolo anamuuza kuti achepetse nsima ndi pau, buledi wa kuno, azidya kwambiri nsomba, mazira ndi masamba.

Kwathu munthu sadya yekha. Choncho ndinalumbira ndi pakamwa panga kuti chimene adye iye, inenso ndidya chomwecho.

Lumbirolo silinathe mwezi. Ndinkatunga madzi pamalo pomwe ankamanga nyumba, ndipo poweruka ndinkagula pau wamoto n'kubisala kuseri kwa khoma losatha. Ndinkameza mothamanga ngati galu wakuba. Kunyumba ndinkangoti, "Idya, ine m'mimba mwanga simuli bwino." Zeka ankatola therere lake yekha, ine nditapenya kumbali.

Tsiku lina anandipukuta pachibwano ndi chala. Chinatuluka choyera ndi ufa.

"Ndi simenti," ndinatero.

Ananyambita chalacho. "Simenti ya ku Tete njokoma, mana. Mawa mubwere nayo, mudzadyere pano. Fungo silikweza shuga."

Apa mpamene ndikanaseka n'kuvomera. Koma ndinakwiya, ndinamukalipira kuti alibe ulemu. Sanabwerezenso.

Mawa lake ndinapitanso kuseri kwa khoma lija, koma ndinakumbukira kupukuta pakamwa. Mwanayo sankasirira pau wanga ayi. Ankangofuna wina woti asambe naye m'manja n'kudyera limodzi.