Manda anga ku Chimbonila

Ndinaganiza zothawa tsiku limene asipayo, apolisi a Apwitikizi, anabwera kudzatenga amuna a chibalo chokakumba msewu wa ku Vila Cabral, tauni imene lero mukuti Lichinga. Ulendo woyamba ndinali nditapitako kale, ndipo ndinabwerako ndi chifuwa komanso manja otupa ndi mbalamatodya, thabwa lija lazibowo limene ankatimenyera m'zikhatho. Ndinabisala m'chimanga mpaka atadutsa. Mkazi wanga Lusiya anandipeza komweko, mwana wathu Roza ali kumbuyo.

"Pitani," anatero. "Bola mwamuna wakutali kusiyana ndi wam'manda."

Sindinkafuna chuma ine. Ndinkafuna kudzabwerera pakhomo panga, zinthu zitazizira, ndidzakhale mwamuna wa Lusiya ndi bambo wa Roza. Basi.

Ndinadutsa malire cha ku Mandimba. Ku Nyasalande anandiuza kuti munthu wa kwa Apwitikizi akagwidwa amamubweza, choncho ndinagula chitupa cha munthu wina amene anamwalira. Ine Mateyu ndinasanduka Wilisoni Phiri, ndipo ndi dzina limenelo ndinakwera lole yopita ku mafamu a fodya kufupi ndi Sozibele, ku Rodeziya. Masiku oyamba kapitawo ankaitana Wilisoni ine n'kumangoyang'ana kumbali ngati akuitana wina, mpaka anthu anayamba kunena kuti ndine gonthi. Ndinawasiya aziganiza choncho. Ugonthi unandithandiza, chifukwa anzanga a m'komboni akayamba kufunsana za kwawo, ine ndinalibe mudzi woti n'kutchula.

Ana a masiku ano amandifunsa ngati sindinkachita manyazi ndi chinyengo chotere. Ndimawauza kuti bodza lili ndi mitundu. Pali la wakuba, pali chiphamaso cha munthu wofuna kutamandidwa, ndiye pali lija lomwe umafunda chifukwa kunja kukuzizira. Langa linali lachitatuli, koma nalonso limaluma. Lamlungu anzanga akamavina ine ndinkapita kuseri kwa zigafa n'kumadzitchula ndekha dzina langa kuti ndisaliiwale. Ndinkalira, sindibisa.

Malipiro anali ochepa, koma chaka chachiwiri ndinagula nsalu ndi kadiresi kofiira. Ndinapatsira mkulu wina wa ku Chiuaula, kufupi ndi kwathu, amene ankabwerera kumudzi, yekhayo amene ankadziwa kuti ndine yani. Atabweranso ku famu nyengo yokolola, anandibwezera katundu yense osamasula.

"Akazi anu akuti musatumizenso kanthu," anatero osandiyang'ana. "Akutinso musabwere."

"Chifukwa?"

"Sananene. Anangondikankhira mtolowu n'kutseka chitseko."

Ndinadziwa, kapena ndinkayesa kuti ndikudziwa, kuti pakhomo panga palowa mwamuna wina. Chikamwini ndi chotero: nyumba wamanga ndiwe, koma dothi ndi la eni ake, ndipo ukachoka amangosesa. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinkasankha fodya ndikulankhula ndekha, tsiku lina ndikumutukwana Lusiya, tsiku lina ndikumupepesa. Ndinapirira zaka zina chifukwa cha mantha a malire, koma mtima utafika pakhosi ndinanyamuka osatsanzika aliyense. Ndinati kaya andimange, ndikaone ndi maso anga.

Ndinafika kwathu mwezi wa Juni, m'mawa wa nkhungu. Sindinalowe m'mudzi. Ndinazungulira kudimba kumene tinkalima mbatatesi, ndipo ndinamupeza Lusiya akukumba yekha. Anali atawonda. Atandiona khasu linagwa, koma sanathamangire kwa ine. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandikokera m'nthochi.

"Mwabweranji, bambo a Roza? Mukufuna mutiphe?"

"Ali kuti mwamuna wakoyo?"

Anaseka kuseka kowawa. "Mwamuna wanga ali kumanda. Ndinameta, ndinalira, mudzi wonse ndi mboni."

Anandifotokozera titakhala pansi. Nditathawa, asipayo anamutengera ku posto, ku ofesi ya boma, kuti anene kumene ndapita. Anamumenya m'manja, mwana ali kumbuyo, ndipo anati akhala akusesa pabwalo la posto mpaka ine nditaoneka. Mlongo wake Amisi ndiye anapeza nzeru. Anapita kwa shefi, mkulu wa posto, n'kulumbira kuti ndinakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wa Lugenda, ndipo iye anaona ndi maso ake. Kwathu munthu akafa mtembo osapezeka, amakulunga thunthu la nthochi m'nsalu n'kuliika m'manda. Anachita zomwezo. Anakumba, anaimba, anaphika chakudya cha pamaliro, msipayo ataima pomwepo akuonerera. Madzulo ake Lusiya anamasulidwa.

"Mtolo wochokera ku Rodeziya ndikanati watumiza ndani, mzukwa?" anatero. "Shefi ananena pamaso pa anthu kuti mukadzaoneka wamoyo, achimwene apita kuchibalo cha ku São Tomé. Opita kumeneko sabwerera. Ali ndi ana asanu."

Ndinamugwira manja. Zala ziwiri sizinkapindika. Anati amuna a midzi ina ankabwera kudzamufunsira, onse anawakana, ndipo anthu ankamutama kuti ndi wamasiye wokhulupirika. Ine amene ndinamutukwana zaka zonsezo ndinasowa poyang'ana.

"Tithawe tonse," ndinatero. "Lero lomwe."

"Ndikasowa ine adziwa kuti muli moyo. Agwira achimwene."

Ndinapempha, ndinagwada m'matope, ndinati ndizikhala kuthengo ngati nyani, azingondibweretsera madzi. Anapukusa mutu. Akuluakulu a m'mudzi onse ankadziwa zoona zake, ndipo anasunga pakamwa nthawi yonseyi, koma ana sankadziwa, ndipo mwana sasunga chinsinsi. Anandilola chinthu chimodzi chokha: ndimuone Roza ngati mlendo wa ku Nyasalande wogula nyemba, kenako ndibwerere kumene ndachokera dzuwa lisanalowe.

Anakamuitana. Kunabwera kamtsikana kakatali, kamipata m'mano ngati mayi anga. Kanagwada n'kundipatsa moni waulemu wopatsa alendo.

"Awa ndi a Phiri," anatero Lusiya, mawu ali gwa. "Ankadziwana ndi bambo ako kalekale."

Nkhope ya mwanayo inawala. "Ndiye simunaone pamene anagona. Tiyeni ndikakuonetseni, ndimasesapo ndine."

Anandigwira dzanja n'kunditsogolera kumsitu wa kumanda, mayi ake akutsatira chapatali. Tinadutsa nkhalamba ziwiri zimene zinavina pa ukwati wanga. Zinandiyang'ana, zinandizindikira, ndipo zinati, "Takulandirani, alendo," n'kupitiriza ulendo wawo.

Mtumbirawo unali wosamalika kuposa ena onse, wozunguliridwa ndi miyala yoyera. Roza anagwada n'kuzula kaudzu kamene kanamera pakati. Ndinaima pambali pake, dzina lake lili pakamwa panga, ndikulimbana nalo kuti lisatuluke mmene bambo amaitanira mwana wake. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana modabwa.

"A Phiri, vulani chipewa. Pano pagona bambo anga."

Ndinavula.